Sekererani Pang'ono

Mumsewu wawo palibe amene ankamuitana mayiyu ndi dzina lake lenileni. Onse ankangoti Namakatani, poti pafupifupi zenera lililonse la m'deralo linali ndi katani yochokera pa makina ake osokera. Amuna ake nawo dzina lawo linatsalira ku kampani ya mabasi komwe anagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma. Kunyumba kuno anali a Sekererani, chifukwa moyo wawo wonse ankayenda ndi kamera pakhosi, ndipo asanadine batani ankanena mawu omwewo: “Sekererani pang'ono.”

Sikuti inali bizinesi ayi. Chawo chinali kutuluka Loweruka, kuyenda mtunda, n'kuima pamene mtima wawauza. Koma anali ndi malamulo awo, olimba kuposa a kukhoti.

“Kujambula munthu osapempha n'kuba,” ankatero. “Ndipo munthu sajambulidwa asanakonzeke. Chithunzi chimakhalitsa kuposa mwini wake, ndiye osamusiyira mnzako manyazi oti sangathe kuwafufuta.”

Akapeza mlonda akuodzera bwinobwino padzuwa, chipewa chili pamphuno, ankayamba amudzutsa, kumupempha, kumuuza akonze kolala, basi chithunzi chokomacho chathawa. Iwo zimenezo analibe nazo ntchito. Namakatani malamulowa anawadziwa tsiku loyamba lenileni, ali mtsikana pasiteji ya basi, pamene mnyamata wina woonda anavula chipewa n'kumupempha kuti amujambule. Atakwatirana, mnyamata uja anayamba kumutcha “abwana”, ndipo dzinalo linakhala mpaka onse anamera imvi.

Kenaka kwa bambowa kunabwera matenda oiwala. Anayamba ndi tinthu toseketsa, makiyi mufiriji, ketulo yopanda madzi pamoto. Posakhalitsa zinasiya kuseketsa. Mafilimu a kamera yawo anali atasowa m'masitolo kalekale, koma iwo ankadinabe, kamera n'kumalira kuti tchaka m'kati mulibe kanthu. Chimene chinkamupweteka kwambiri Namakatani si kuiwalako. Chinali chakuti bambo wofatsa uja anayamba kumukalipira. “Abwana” uja anatha, kunatsala “iwe”. Iwe wabisa magalasi anga, iwe ukundiletsa kupita kuntchito. Chonsecho akatuluka panja, mlendo aliyense ankamuweramira ndi ulemu wonse wakale. Ukali wokha ndiwo ankasungira wa m'nyumba.

Adokotala anati aziyenda tsiku lililonse kuti miyendo isafe. Mwana wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kutali, anawonjezera lamulo lake pafoni.

“Amayi, m'mawa uliwonse musanatuluke muziwajambula adadi. Tsiku lina akadzasochera mudzakhale ndi choonetsa anthu.”

Namakatani anamvera, koma anamvera ngati mkazi wa a Sekererani. Munthu sajambulidwa asanakonzeke. Ndiye m'mawa uliwonse ankawameta ndevu, kuwapesa, kuwaveka jekete yakuda ija ndi tayi, kuwaika magalasi pamphuno ndi mano ochita kuika aja m'kamwa. Ankawaimika pakhonde, kuwala kukuwagwa kumaso monga anamuphunzitsira okha, n'kuyamba kuwaseketsa. Ankadina pa foni yake, kudina, kudinanso, mpaka pa kamphindi kena maso aja ankayaka, msana n'kuwongoka, amuna ake akale n'kusuzumira. Chimenecho ndicho ankasunga. Zina zonse, za maso a bii, za kukamwa yasa, ankafufuta pomwepo. Akatha, jekete inkabwerera pa hang'ala poti inkawatentha, tayi inkawatsamwitsa, mano ankawatupitsa nkhama, magalasi ankangowataya. Ankatuluka atavala juzi yotuwa yobooka pachigongono ndi chisoti cha ubweya chimene sankalola kuti chichapidwe. Namakatani sanaonepo cholakwika chilichonse pamenepa.

Tsikulo anatuluka monga mwa masiku onse. Anadutsa mpanda wa sukulu, a Sekererani n'kupempha mphunzitsi wina kuti amujambule, mphunzitsiyo n'kungopukusa mutu. Anadutsa sitolo ya mankhwala, nafika pa mzere wa masitolo pamene Namakatani ankagula ulusi. Panja panali benchi, ndipo bambowa ankaidziwa.

“Khalani pano, bambo. Musachoke, ndikubwera pompano.”

“Pita, usandilamule,” anayankha osamuyang'ana.

M'sitolomo ulusi wofanana ndi kansalu kamene anatenga sunkapezeka. Mwini sitolo anatsitsa bokosi ili, kutsitsa lija, kukwera pamakwerero, kwinaku akufotokoza za msana wake umene unkamuvuta. Namakatani anaseka, naikapo za msana wakenso. Kunena zoona, zinamukomera kucheza ndi munthu amene sankafunika kumubwerezera mawu. Potuluka anapeza pabenchi pali mtsikana wina akudya nthochi.

“Bambo anakhala apawa apita kuti?”

“Ine ndangofika kumene, mayi. Sindinapeze munthu.”

 Namakatani anayang'ana kumtunda, kumunsi, kuseri kwa sitolo. Msewu unali wodzaza ndi misana ya anthu, koma wa juzi yotuwa panalibe. Kumunsi kwa mzerewo kunali msewu waukulu wa malole, ndipo kupitirira pamenepo kunali njanji. A Sekererani anali atasiya kalekale kuyang'ana uku ndi uku powoloka. Anafuna kuimbira mwana wake, koma mwana ali kutali akanatani, kupatula kulira limodzi naye? Anatsegula chithunzi cha m'mawa uja, nathokoza mumtima kuti anamvera.

Woyamba anali mlonda wa pa sitolo ya mafoni. Anachiyang'ana bwinobwino ndithu.

“Bwana awa sanadutse pano, mayi. Ndikanawachitira sawatcha.”

Mayi wogulitsa zipatso anangoponya diso kamodzi, manja ali pa sikelo. “Anthu ngati awa sayenda wapansi kuno. Kafunseni ku banki.”

Kondakitala wina anati sanawaone, koma ngati akufuna kukwera malo alipo. Kenaka Namakatani anatsekereza bambo wina wa suti, akumuonetsa foni, koma asanatsegule n'komwe pakamwa bamboyo anali atakweza kale dzanja.

“Ndilibe, mayi, ndilibe,” anatero, n'kumulambalala ngati chithaphwi.

Namakatani anamuyang'ana akupita. Kadzanja kameneko ankakadziwa. Iye mwini anali atakakwezerapo anthu ambirimbiri pamalo omwewa, osamva n'komwe chimene ankafuna kunena. Tonsefe tili nako kankhope kena kamene timavala tikamatuluka m'nyumba, kotseka ngati geti, ndipo timati ndi kuchenjera. Umakadziwa kuwawa kwake tsiku limene uli kunja kwa getiko. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, koma mwambiwu timaunena tili pamthunzi, osati thukuta lili kamukamu, munthu wako atasowa.

Dzuwa linafika pamutu. Anali atazungulira mzere wonse wa masitolo, kulowa m'tinjira, kusuzumira m'ngalande. Yankho linali limodzi: bambo wooneka bwino chonchi sitinamuone. Atatopa, anaima pakhomo pa kanyumba kometera tsitsi. M'katimo amuna anali ataunjikana pa foni ya wometa, akuseka chikhakhali, wina mutu uli wometedwa mbali imodzi.

“Pepani abambo, ndafuna ndifunse nawo. Awa mwawaonako?”

Wometa, munthu wojintcha wa ndevu zosongoka, anasuzumira mwaulemu ndithu.

“Ayi mayi, amenewa sanabwere muno. Komanso taonani tsitsi lawo, ali ndi wometa wawo kale.”

Anzake anasekanso. Namakatani anatembenuka kuti azipita. Wina anati, “Tabwezanso pajapa,” ndipo foni ya wometa inayamba kulira. Munali phokoso la magalimoto, anthu akukuwa, kenaka pansi pa phokosolo mawu ofewa, osamveka bwino chifukwa chosowa mano:

“Sekererani pang'ono.”

Namakatani sanadziwe kuti analowa bwanji. Anangopezeka wagwira dzanja la wometa, maso ali pa foniyo.

Inali vidiyo yojambulidwa pasiteji ya basi. Nkhalamba ina yowerama, ya chisoti chakuda ndi litsiro, inali itawerama patsogolo pa kamwana ka yunifolomu, kamera ili kumaso. Bambo wina anatulukira n'kuikankha paphewa. “Ukujambula ana a eni ake chifukwa chiyani, iwe? Ukufuna ukawatani?” Anthu anaunjikana. Nkhalambayo inkayesa kufotokoza, milomo ikungotafuna mphepo. Wina anaikoka kamera ija mpaka lamba anaduka, naitsegula kumbuyo, naikweza m'mwamba kuti onse aone. “Mulibe kanthu! Ndi wamisala uyu!” Mkwiyo uja unasanduka phwete. Mnyamata wina anaima moseleula, dzanja m'chiuno, akuti ndijambuleni agogo. Chisoti chinagwa, wina n'kuchimenya teche. Nkhalambayo inatola kamera yake pansi, niifumbata pachifuwa, ndipo isanachoke inaweramira gulu lonselo n'kunena kuti zikomo.

“Awa ndi amuna anga,” anatero Namakatani.

Kuseka kunathera pomwepo. Makina ometera okha ndiwo ankalira patebulo, mpaka wina anawazimitsa.

“Ayi mayi,” anatero wometa, akuyang'ana foni yake kenaka ya mayiyo. “Mwasokoneza. Anu aja ndi bwana. Uyu ndi mdala wina wake basi.”

“Ndi omwewo.”

Anaika mafoni awiriwo pafupi. Kumanzere kunali bambo wa tayi, mano oyera, maso owala. Kumanja kunali munthu amene iye ankadzuka naye, kumusambitsa, kumudyetsa, kuyenda naye mumsewu tsiku ndi tsiku. Apo ndi pamene anazindikira. Theka lonse la tsiku anakhala akufunsa anthu za munthu amene ankapezeka pakhonde pokha, kwa kamphindi, m'mawa. Mlonda uja sananame, wa zipatso uja sananame. Mwina onse anawaona akudutsa.

“Munajambula ndinu?” anafunsa.

Wometa anakanda ndevu. “Ndimangodutsa, mayi. Ine sindinawakhudze n'chala chomwe. Aliyense amajambula.”

“Munawapempha?”

Funsolo linamveka lopusa ngakhale kwa iye mwini. Wometa anati aifufuta pompo, ngakhale anali ataitumiza kale kwa anzake angapo. Chala cha wometayo chili m'mwamba, Namakatani anachigwira.

“Musafufute. Nditumizireni.”

Anatuluka ndi vidiyoyo m'manja, mtima ukumuwawa ngati waponda pa bala. Pasiteji anayamba ndi kondakitala yemwe uja. Ulendo uno sanafunikire kupempha kawiri. Phokoso litangomveka, anthu anabwera okha, makosi ali tasa. Amene m'mawa analibe nthawi yoyang'ana chithunzi anaipeza nthawi yoonera mpaka kumapeto, ena n'kupempha kuti abwezenso.

“Aa, mdala wa kamera uja! Anatsikira uku.”

“Ndinamuona ine, amalankhula ndi mtengo wa magetsi.”

“Anawoloka msewu waukulu, lole inatsala pang'ono kumuphwanya. Dalaivala anatukwana mpaka kutsika.”

Aliyense ankadziwa kanthu tsopano. Ena ankayamba aseka, kenaka akaona nkhope ya mayiyo n'kumeza kusekako. Mayi wina anafunsa kuti, “Ndi ndani wanu ameneyu?” ndipo Namakatani anayankhanso kuti amuna anga, mawu amene tsikulo anawanena kambiri kuposa chaka chonse. Ankadziwa chimene akuchita. Bambo amene moyo wake wonse sanalole kuti munthu aoneke pa chithunzi kolala itapindika, mkazi wake yemwe ndiye ankayenda naye mumsewu, kuonetsa aliyense mmene anamukankhira ndi kumuseka. Ankadana nayo vidiyoyo, ankadana ndi wometa, ankadana ndi makosi onse aja. Koma ndi yokhayo imene inkamulozera njira.

Anawoloka msewu waukulu, natsata mpanda wautali wa fakitale ina, mpaka anaona mlatho wa pamwamba pa njanji. Pansi pa masitepe a mlathowo mayi wina wonenepa anali atayala nsapato zogulitsa pa pulasitiki. Pambali pake, pa kreti ya mabotolo, panakhala munthu wa juzi yotuwa, mutu uli pamtunda, kamera ili pamiyendo.

Namakatani anaima pomwepo, maso ali pa juzi ija.

“Ndi anu awa?” anakuwa wa nsapato uja asanafunsidwe. “Bwerani mudzatenge katundu wanu, mayi! Ndinawagwira akufuna kutsikira ku njanji uko, ati akupita kuntchito. Ndawakhazika apa, ndawapatsa madzi, lamba wa kamera ndamanga ndi chingwe cha nsapato. Chiyambire andijambula ine, ajambula nsapato, ajambula makasitomala anga mpaka ena athawa. Ndasekerera mpaka masaya akuwawa. Nditani nanga, akasiya kujambula akumafuna kudzuka.”

“Zikomo, mayi. Zikomo kwambiri. Sindikudziwa kuti ndinene chiyani.”

“Musanene kanthu. Koma inunso, munthu wotere mumamusiya bwanji yekha? Ana mulibe?”

Mawuwo analasa pamene panali potupa kale, koma Namakatani anangowerama. Munthu amene wakusungira wako ali ndi ufulu wokukalipira.

Anayandikira pang'onopang'ono. Juzi inali itang'ambika paphewa, ndipo pachigongono panali magazi ouma. Anakonzeka kumva ukali uja, iwe unali kuti, iwe wanditaya. Anaulakalaka ndithu, poti ukaliwo unali wa iye yekha.

A Sekererani anakweza maso. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anadzuka movutikira, dzanja n'kupita kumutu kukavula chipewa chimene panalibe. Anawerama pang'ono.

“Zikomo, mayi. Pepani kukuimitsani pa ulendo wanu. Mungalole kuti ndikujambuleni?”

Namakatani anafufuza m'maso mwawo, kufuna kapena kachizindikiro kakang'ono koti akuseleula. Munalibe. Munali ulemu wokhawokha, woyera, umene ankapatsa aliyense wosamudziwa.

“Mwaona?” anatero wa nsapato. “Aliyense wodutsa ndi choncho.”

“Ndalola, bambo,” anayankha Namakatani.

“Ndiye taimani apa, dzuwa likugweni kumaso. Konzani kolala. Eya, choncho. Chikwamacho chitsitseni pang'ono.”

Anachita zonse monga anauzidwira. Anakonza kolala, natsitsa chikwama, naima pafupi ndi mulu wa nsapato za eni ake. Pamwamba pa mlatho anthu ankadutsa, ena akusuzumira pansi.

“Sekererani pang'ono.”

Anasekerera. Misozi inkatsika n'kulowa m'kamwa, koma anasekerera mpaka kamera inalira kuti tchaka.

“Mwatuluka bwino kwambiri,” anatero bambowa mokhutira. Kenaka nkhope inasintha, nayang'ana uku ndi uku. “Kodi mayi, abwana anga simunawaoneko? Anandisiya pabenchi, anati akubwera pompano. Akapeza palibe munthu ada nkhawa. Ndi munthu wabwino kwambiri, koma amada nkhawa msanga.”

Dzina limenelo Namakatani anali asanalimve kwa nthawi yaitali. Linabwera lero, pansi pa mlatho, likunenedwa kwa mlendo. 

“Ndikuwadziwa. Tiyeni ndikuperekezeni kwawo.”

“Mwachita bwino. Anthu abwino akadalipo.”

Asananyamuke, Namakatani anatulutsa foni m'chikwama.

“Nanga inu, bambo, mungalole kuti nanenso ndikujambuleni?”

A Sekererani anadziyang'ana, juzi yong'ambika, fumbi m'mawondo, nasisita tsitsi ndi chikhatho.

“Koma sindinakonzeke, mayi.”

“Palibe kanthu. Mmene mulilimu.”

Anadina kamodzi kokha. Pa foniyo panaoneka nkhalamba yowerama, masaya olowa m'kati, maso osochera, kamera yomangidwa ndi chingwe cha nsapato ili pachifuwa. Aliyense wa mumsewu akanaizindikira. Chala chake chinapita chokha pofufutira, monga chinazolowera m'mawa uliwonse, ndipo chinaima pamenepo. Anachibweza, naika foni m'chikwama.

Anatsanzika kwa mayi wa nsapato, nagwira mkono wa amuna ake. Iwo anaupereka mwaulemu, ndipo njira yonse, mpaka pa geti la nyumba yawo yomwe, ankamuthokoza mayi wachilendoyu chifukwa chotaya nthawi yake pa munthu amene sakumudziwa.